Kodi ku Huddersfield munthu angakhale opanda galimoto? Ndikuyankha achemwali omwe anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe apeza ntchito yosamalira okalamba kuno ku Huddersfield, tawuni ya kumpoto kwa England, dzina sinditchula. Funso lawo ndi lalifupi. Akuti abale awo a ku Leeds awauza kuti akangofika atenge galimoto pangongole apo ayi avutika, ndiye akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati tawuni ino ili ndi chooneka kapena ndi kumudzi chabe kwa azungu.

Achemwali, mundipirire chifukwa funso lanuli landikhudza penapake ndipo ndilankhula zambiri. Mawu omwewo akuti tenga galimoto, kuno munthu sakhala wapansi, ndinauzidwa inenso nditangofika, ndipo amene amandiuza anali anthu ondifunira zabwino ndithu. Koma ndinaona ndi maso angawa zomwe zinamuchitikira mnzanga wina yemwe tinkagona nyumba imodzi ku Fartown. Iyeyu anamvera malangizowo, mwezi wachiwiri basi galimoto ili panja, yoyera bwino, zithunzi zinapita kumudzi anthu anaombera m'manja. Zomwe sanamuuze ndi zoti laisensi ya ku Malawi kuno umaloledwa kuyendetsera miyezi 12 yokha kuchokera pomwe unayamba kukhala m'dziko muno, ikatha pamenepo uyenera kukhala utakhoza mayeso a kuno, a pakompyuta ndi a pamsewu omwe. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa iwo amangosinthitsa laisensi yawo chifukwa mayiko awo ali pa mndandanda wa boma, ife ayi. Ndiye chaka chinatha asanapeze ngakhale tsiku la mayeso, galimoto inangoima panja masamba kumagwera, koma ngongole ikudulidwa mwezi ndi mwezi, inshuwalansi ikudulidwa, ndipo inshuwalansi ya munthu wobwera kumene yemwe alibe mbiri yoyendetsa kuno ndi yoboola m'thumba zedi. Mtsikana uja ankakwera basi imodzimodzi ndi ine kupita kuntchito uku akulipira galimoto yomwe sangaiyendetse, ndipo ndalama zotumiza kwa mayi ake zinayamba kuchepa. Ndinamupeza tsiku lina kukhitchini akuwerengetsera pa foni misozi ili mbwembwembwe. Chithunzi chimenecho sichinandichoke mpaka lero.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuuza wobwera kumene kuti chinthu choyamba ndi galimoto, mtima wanga umawawa. Ambiri amene amanena zimenezi sanakhalepo kuno, amangoona pamapu kuti si London, si Manchester, ndiye akuganiza kuti ndi kuthengo. Huddersfield ili ndi anthu pafupifupi 140,000, ndi imodzi mwa matawuni akuluakulu ku England konse omwe sanapatsidwe dzina loti mzinda, ndipo yakhala pakati penipeni pa Leeds ndi Manchester, pa njanji yaikulu yodutsa mapiri a Pennines. Sitima yachangu kupita ku Leeds ndi mphindi za m'ma 20, ku Manchester ndi theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Abale anu a ku Leeds aja mukhoza kukadya nawo nsima Lamlungu masana n'kubwerera dzuwa lisanalowe, galimoto ayi.

Ndipo poti mwafunsa ngati kuli chooneka, dikirani tsiku lomwe mudzatsike sitima koyamba. Mukatuluka pakhomo la siteshoni muyende pang'ono mpaka pakati pa bwalo lotchedwa St George's Square kenako mutembenuke. Anthu ambiri obwera kumene amafunsa kuti kodi iyi ndi khoti kapena nyumba ya malamulo, chifukwa kutsogolo kwake kuli nsanamira zamiyala zazitali zisanu ndi imodzi zonyamula denga, ndipo nyumbayo yatambalala uku ndi uku ndi timizere ta nsanamira zing'onozing'ono. Anaimanga pakati pa 1846 ndi 1850, wojambula pulani anali James Pigott Pritchett, ndipo ili m'gulu la Grade I, kutanthauza nyumba zotetezedwa kwambiri m'dziko muno zomwe sungasinthe chisawawa. Mwala wake ndi wachikasu wotuwirako wa konkuno, mvula ikagwa umada, dzuwa la madzulo likawomba umakhala ngati ukuyaka. Kumapeto kwake konse kuwiri, komwe kale makampani awiri a njanji ankagulitsirako matikiti aliyense kwake, pano kuli mabala, Head of Steam ndi King's Head. Ine sindimwa koma nthawi yozizira ndimalowamo kudikira sitima ndi kapu ya tiyi, palibe amakuthamangitsa.

Pabwalo pomwepo pali chiboliboli cha bambo wina akuyenda, dzanja lili m'thumba la jekete, ngati akuthamangira kwinakwake. Ameneyo ndi Harold Wilson, mwana wa konkuno, anabadwa mu 1916, anakhala nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1964 mpaka 1970 kenako 1974 mpaka 1976. Chibolibolicho anachiika mu 1999. Kwa ife a kumwera kwa Africa dzinali si lachilendo, analowa m'boma mu Okutobala 1964 kutangotsala masiku ochepa kuti Zambia ilandire ufulu, ndipo ndi iyeyu amene ankalimbana ndi Ian Smith, mtsogoleri wa azungu a ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), pomwe iwo anadzilengezera okha ufulu mu 1965. Madala ena a ku Zimbabwe omwe ndimapemphera nawo akadutsa pamenepo amapukusa mutu, amati anachita zofewa kwambiri ndi Smith. Tsidya lina la bwalo, mukakweza maso, muona mkango waima pamwamba pa denga la nyumba ina, ndipo pambali pali George Hotel. Mu hotela imeneyi pa 29 Ogasiti 1895 makalabu a rugby a kumpoto kuno anakumana n'kugwirizana zopatukana ndi mabwana a ku London, n'kuyambitsa masewero omwe pano amati rugby league. Mkangano wake unali wa ndalama za anthu aganyu ngati ife tomwe, osewera a kuno anali a m'mafakitale a nsalu ndi m'migodi ya malasha, akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere malipiro ankadulidwa, makalabu amafuna aziwabwezera, koma akuluakulu a kumwera omwe sankadziwa kudulidwa malipiro anakana. Hotelayo inatsekedwa mu 2013, khonsolo inaigula ndipo akuikonza.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma, chifukwa apa ndi pomwe ndimapsa mtima. Sitima ndi mabasi a kuno anakonzedwera munthu wogwira ntchito ya mu ofesi, wolowa 9 koloko n'kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu. Inu ndi ine amene timasambitsa agogo a anthu 7 koloko m'mawa Lamlungu, amene timaweruka 10 koloko usiku, palibe anatiganizira. Ndikukumbukira m'mawa wina wa Januwale nditaweruka shifiti ya usiku, miyendo itatupa, ndinaima pa siteji ina pamwamba pa chitunda, kunja kuli bii, mphepo ikuchokera kumapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Kachikwangwani kamagetsi kaja kanalemba kuti basi ikubwera pa mphindi 8, kenako 5, kenako 2, kenako kanalemba kuti yafika, koma msewu uli zii, ndipo nambala ya basiyo inangozimiririka pachikwangwani ngati sinalembedwepo. Panalibe wotiuza chilichonse. Tinalipo atatu, ine, mayi wina wa ku Philippines wovala yunifolomu pansi pa jasi, ndi mnyamata wina wa m'nyumba zosungira katundu, tonse anthu a mashifiti, tonse obwera. Tinangoyang'anana n'kuyamba kutsetsereka wapansi kulowera m'tawuni, pansi poterera ndi madzi oundana, mayi uja atandigwira pamkono. Kampani ya basiyo sinditchula, poti si imodzi yokha yomwe imachita zimenezi.

Ndipo zimenezi sizinangogwa kumwamba, pali anazipanga. Tawuni ino ndi yomwe inali yoyamba ku Britain kuti khonsolo iziyendetsa yokha matramu, timasitima toyenda mumsewu, kuyambira 1883. Matramu atatha mu 1940 panali kale mabasi amagetsi oyendera mawaya a m'mwamba, omwe anayenda kuyambira 1933 mpaka 1968, onsewo a khonsolo, a anthu. Kenako mu 1986 boma la Margaret Thatcher linamasula mabasi kunja kwa London kuti kampani iliyonse iziyendetsa njira yomwe ikufuna, pa nthawi yomwe ikufuna. Ndiye kampani ikufuna phindu ingatumize basi yopanda anthu 6 koloko m'mawa Lamlungu chifukwa cha osamalira okalamba atatu? Singatumize, pokhapokha boma litailipira. London yokha anaisiya kuti mabasi ake azilamulidwa ndi boma la mzindawo, ndipo pitani mukaone kusiyana kwake. Ine apa sindisuntha, basi ndi ngati madzi a pampopi, si chinthu choti wina azisankha kuti lero nditsegule kapena ayi malinga ndi phindu.

Chomwe chikundipatsa chiyembekezo ndi chakuti Meya wa chigawo chathu cha West Yorkshire, Tracy Brabin, yemwe anasankhidwa mu 2021, analengeza mu Marichi 2024 kuti mabasi abwerera m'manja mwa boma la chigawo, kuyambira 2027, momwe achitira kale ku Greater Manchester ndi mabasi awo achikasu a Bee Network. Makampani azingopatsidwa kontrakiti, koma njira, nthawi ndi mitengo azikonza ndi boma. Mayi yemweyu ndi amene anatsitsa mtengo wa ulendo umodzi kufika pa £2 mu Seputembala 2022, anadzaukweza kufika £2.50 mu 2025, komabe ndi wotsikirapo kuyerekeza ndi £3 yomwe ndi malire a madera ena a England. Kaya mukupita pafupi kaya mukupita ku Bradford kapena ku Halifax, mtengo supitirira pamenepo. Werengerani nokha poyerekeza ndi petulo, inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, MOT (kuyezetsa galimoto chaka ndi chaka) ndi malo oimika.

Kunjanji nako kuli nkhani zake. Kampani ya TransPennine Express, yomwe imayendetsa sitima zachangu zodutsa pano, inafika poimitsa maulendo ambiri mpaka boma linailanda mu Meyi 2023 n'kuyamba kuiyendetsa lokha. Pano akukonza njanji yonse kuchokera ku Manchester kudutsa pano mpaka Leeds ndi York, ntchito ya mabiliyoni ambiri yotchedwa Transpennine Route Upgrade, akuika mawaya amagetsi, kuwonjezera njanji pakati pa Huddersfield ndi Dewsbury, kutalikitsa mapulatifomu. Mu Seputembala 2025 siteshoni yathu inatsekedwa pafupifupi mwezi wathunthu. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo ndikuifuna, koma ikutanthauza kuti kwa zaka zikubwerazi Loweruka ndi Lamlungu ambiri mudzapeza basi yolowa m'malo mwa sitima itaima panja, ndipo ulendo wa mphindi 30 umasanduka ola ndi kanthu.

Ndasochera pang'ono, koma poti tili panjanji ndikuuzeni za ulendo womwe ndimaukonda. Kwerani sitima yolowera ku Manchester yoima paliponse, mukhale kuwindo. Imatsata chigwa cha mtsinje wa Colne, mumaona mafakitale akale a nsalu za ubweya ndi machumuni awo aatali, nyumba zamiyala zitakwera m'mphepete mwa phiri mizeremizere, midzi ya Slaithwaite kenako Marsden, ndiye mukangodutsa Marsden sitima imalowa pansi pa phiri pa Standedge, mdima wa makilomita pafupifupi 5, kutulukira tsidya lina muli kale mbali ya Manchester. Pambali pa njanjiyo pali ngalande ya mabwato yoboola phiri lomwelo, inatsegulidwa mu 1811, ndiyo yaitali kuposa zonse za mtundu wake ku Britain. Kale mahatchi okoka mabwato ankawadutsitsa pamwamba pa phiri, anthu n'kugona chagada pabwato kumakankha makoma ndi mapazi mpaka kutulukira. Tsikirani pa Marsden tsiku lopuma mukaone pakhomo pake, ndi mtunda woyenda wapansi kuchokera pa siteshoni.

Town Hall ndi zina

Nyumba yomwe mudzailowe ndithu kaya mufune kaya musafune ndi Town Hall, pa Ramsden Street, mphindi zochepa kuchokera pa depoti ya mabasi. Inatsegulidwa mu 1881. Kumeneko ndi komwe amalembetsa ana obadwa, maukwati a kwa boma, ndipo mwambo wolumbira polandira unzika wa Britain umachitikira momwemo. Ndinaperekezako mlongo wina wa ku mpingo tsiku lake lolumbira, atavala chitenje chake chatsopano, tinakwera masitepe amiyala aja mwana wake akuwerenga mokweza, ndipo bambo wolondera pakhomo anatitsegulira holo yaikulu kuti tisuzumire ngakhale munalibe zochitika. Achemwali, holo imeneyo imalowa anthu pafupifupi 1,200, ndipo kutsogolo kuli limba lalikulu la mapaipi lopangidwa ndi Henry Willis, mapaipi ake kuchoka pansi mpaka pafupi ndi denga, opakidwa golide. Kwaya ya Huddersfield Choral Society, yomwe inayamba mu 1836, imayimba momwemo Messiah ya Handel chaka chilichonse mu Disembala, ndipo ngati munakulira m'kwaya ya mpingo mudzalira ndithu. Masana ena amakhala ndi makonsati a limba a mtengo wotsika.

Dzina loti Ramsden mudzaliona paliponse, pamsewu, pa nyumba yakale ya yunivesite. Limeneli ndi banja lomwe linali eni nthaka ya pafupifupi tawuni yonse kwa zaka mazana, aliyense womanga ankalipira lendi kwa iwo. Mu 1920 khonsolo inagula nthaka yonseyo ndi ndalama zokwana £1.3 miliyoni, n'chifukwa chake anthu a kuno amanyada kuti tawuni yawo inadzigula yokha. Ngakhale nyumba ya siteshoni ija, khonsolo inaigula mu 1968 poopa kuti ingagwetsedwe. Ine nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima ndikamalowa m'nyumba zimenezi, chifukwa ife obwera timakonda kudutsa panja mwamantha ngati ndi za eni, chonsecho council tax, msonkho wa khonsolo, yomwe tikudulidwa mwezi ndi mwezi ndi yomwe ikuyatsa magetsi mmenemo. Lowani, khalani pansi, funsani chimbudzi chili kuti, ndi zanu.

Chomwe chimandiwawa ndi laibulale. Nyumba yake yakale ya m'ma 1930, yokhala ndi ziboliboli ziwiri zamiyala zitakhala pansi uku ndi uku kwa masitepe, ndi yomwe inandisunga miyezi yanga yoyamba, munali motentha, intaneti yaulere, makina osindikizira mapepala, ndipo panalibe wokufunsa kuti ugula chani. Anaitseka mu 2022 pamodzi ndi msika wa Queensgate wa 1970 uja wa denga lodabwitsa lokhala ngati maambulera a simenti otembenuzidwa, poti khonsolo yathu, yotchedwa Kirklees, ikumanganso dera lonselo, laibulale yatsopano idzalowa mbali ya kumsikako ndipo nyumba yakaleyo idzakhala myuziyamu. Mabuku anawasamutsira kwina mongoyembekezera. Ndikumvetsa, koma zaka zomwe mwana wa munthu wobwera kumene akanakhala akuwerengera mmenemo sizibwerera. Msika wina, wa zitsulo zopakidwa utoto wa m'ma 1880 kufupi ndi siteshoni, mukafunse masiku ake, kumapezeka ziwiya ndi majasi akaunjika pa mtengo wabwino.

Ndiye pali nsanja ija mudzaione kulikonse komwe mungaime, pamwamba pa phiri la Castle Hill kumwera kwa tawuni. Imatchedwa Victoria Tower, anaitsegula mu 1899 pokumbukira zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria. Kwerani basi ya ku Almondbury kenako muyende wapansi kukwera, mutenge jasi ngakhale mu Julayi. Pamwambapo tawuni yonse mumaiona ili m'munsi, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake njinga kuno ndi ya anthu olimba miyendo okha.

Tsono yankho lanu. Inde mungakhale opanda galimoto, ngati ntchito yanu ndi ya pamalo amodzi, nyumba ya okalamba kapena chipatala cha Huddersfield Royal Infirmary ku Lindley komwe mabasi ngati 372 amapita pafupipafupi. Ngati ndi ija yoyenda khomo ndi khomo kusamalira anthu m'nyumba zawo, imeneyo ndi nkhani ina, afunseni abwana anu musanakwere ndege ngati amapereka galimoto kapena woyendetsa, ndipo akulembereni, osati pakamwa. Nyumba musasankhe poona kukongola kapena kutsika kwa lendi, yambani mwatenga adiresi ya kuntchito n'kuona pa webusaiti ya Metro, bungwe loona za mabasi ndi sitima m'chigawo chino, basi yoyamba ndi yomaliza ya Lamlungu, chifukwa njira zambiri zimathera pakati pa tawuni ndipo kusintha basi usiku ndi komwe kumapweteka. Holmfirth ndi kokongola koma sitima ya anthu inasiya kupitako mu 1959, mudzadalira basi yokha. Njanji ya ku Sheffield yodutsa Lockwood, Honley ndi Denby Dale sitima yake ndi imodzi pa ola. Ku London mumasinthira ku Leeds, Wakefield kapena Manchester, kapena kukwera sitima ya kampani ya Grand Central pa siteshoni ya Mirfield, kufupi ndi kuno. Pabasi mumalipira pogunditsa khadi ya ku banki, ngati mukukwera tsiku ndi tsiku onani MCard, tikiti yolipiriratu ya sabata kapena ya mwezi, ndipo ngati simunapitirire zaka 30 gulani khadi yotchedwa railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima. Sitima ikachedwa sungani tikiti mukapemphe Delay Repay, kubwezeredwa ndalama chifukwa cha kuchedwako, ndi ndalama zanu. Basi ikamabwera tambasulani dzanja apo ayi ikudutsani, ndipo potsika dinani belu.

Laisensi ya kuno yambani kuikonzekera mwezi woyamba womwewo, mayeso a pakompyuta kaye, kuti galimoto mudzagule mutakhoza ndiponso mutasunga kandalama. Chinanso, pa 25 Disembala kulibe basi kulibe sitima, pa 26 ndi zochepa kwambiri, ndipo agogo athu aja amafunabe kusambitsidwa tsiku limenelo, ndiye ndandanda ya mashifiti a Khirisimasi ikangotuluka afunseni amanejala kuti takisi alipira ndani.